Udzu wofiirira wa pamwamba pa phiri la Dedza

Lolemba, 14 Epulo

Ndafika pa Dedza boma cha m'ma 3 koloko masana pa minibasi yochokera ku Lilongwe. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85 okha, koma mphepo ya kuno ndi ina. Tawuniyi ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo ndisanalonjerane n'komwe ndi amalume amene amandidikira pasiteji, ndinali nditayamba kale kupisa m'chikwama kufuna juzi.

Chandiyendetsa ndi udzu. Ndimaphunzitsa zaulimi kusekondale, ndipo tikafika pa mutu wa msipu wa ziweto ana amatchula nsenjere ndi kapinga, n'kuthera pomwepo. Wina wonse wa m'tchire amangoti udzu. Pamwamba pa phiri la Dedza pali udzu wina umene umafiirira mvula ikamatsazika, ndipo amene anakwerapo m'mwezi uno akuudziwa. Ndikufuna dzina lake lenileni, abale ake, ndi chimene umakondera malo amenewo.

Nyengo yake ndi inoyi. Mu Disembala udzu wonse umakhala msipu wofanana, mu Seputembala umapeza ziputu zokhazokha pa lupsa. Chimene chimaulula udzu ndi maluwa ake, ndipo maluwawo amakhalapo kuyambira cha mu Febuluwale mpaka mwezi uno.

Ndadzera ku ofesi ya zankhalango kukapempha chilolezo, popeza phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndipo munthu sangomazula zomera mmene wafunira. Zida zanga ndi kakhasu, rula, singano, galasi lokulitsa zinthu ka 10, mulu wa nyuzipepala zakale, makatoni ndi malamba a chubu cha njinga. Usiku uno tadya mbatata ya kachewere yofutsa, ndipo tigona msanga.

Lachiwiri, 15 Epulo

Tanyamuka kusanache bwino. Kumunsi kwa phiri ndi minda ya chimanga ndi mbatata, kenako msewu umalowa m'paini, kenako umatulukira pamalo pamene paini anadulidwa, patsala zitsa ndi tchire. M'mbali mwa msewu monse muli udzu wotipitirira msinkhu. Amalume akhala akufolera nyumba kuyambira ali mnyamata, ndiye apa mphunzitsi anali iwo. Amathyola phesi, kulipinda, kulifikisa ndi chala, n'kunena kuti uyu ndi tsekera, ngwampanda, uyu ndi kamphe, ngwadenga, uyu mumusiye amaola msanga. Udzu wambiri wofolerawu akatswiri amauika mumtundu wa Hyparrhenia, ndipo chizindikiro chake n'chosavuta: ngala zake zimatuluka ziwiriziwiri m'katsamba kopindika kamene kamazifungatira kutsinde.

Tikamakwera, udzu unkafupika. Pofika cha kufupi ndi nsanja za mawailesi ndi mafoni unali wa m'chiuno, pena wa m'mawondo. Nsonga ya phirili ili pa mamita 2,198. Nkhungu inayalula cha m'ma 9, tinaona tawuni yonse pansi pathu ndi minda ya ku Angonia tsidya la malire a Mozambique, ndipo chakum'mawa dziko limangotsetsereka kulowera kunyanja.

Pamwambapo pali maudzu awiri ofiirira, ndipo munthu woyang'anira patali angati ndi umodzi. Woyamba umamera pamene dothi lili lakuya ndi lakuda. Ngala zake zimalendewera m'timagulu tokutidwa ndi timasamba tofiira, kagulu kalikonse kali ndi mchira wautali wakuda. Ameneyu savuta, ndi Themeda triandra. Anaulemba koyamba ndi Peter Forsskål, amene anaupeza ku Yemen, ndipo dzinalo linasindikizidwa mu 1775 mwini wake atamwalira kale. Udzu womwewu umamera mpaka ku Australia. Ng'ombe zimaukonda kwambiri, moti pamalo podyetsa mopitirira muyeso ndi umene umayamba kusowa.

Wachiwiri ndi umene ndabwerera. Uwu sufuna dothi lakuya. Umamera m'mphepete mwa matanthwe, pa kadothi ka nsangalabwi kamene ukabaya ndi mpeni umagunda mwala msanga. Umakula m'zitsamba zothinana, chilichonse pachokha, pakati pake dothi likuoneka. Masamba ndi opyapyala, olimba, ambiri ali kutsinde. Phesi ndi lowongoka, ndipo ngala yake ndi yomwazika, yokhala ndi nthambi zopyapyala zimene kunsonga kwake kuli tingala tating'ono ta mtundu wa khofi wonyezimira, kalikonse ndi mchira wake wopindika. Dzuwa likawomba chammbali, dera lonselo limaoneka lagolide wosakanikira ndi kufiira.

Nditatulutsa kakhasu, amalume anandiyang'ana.

"Mphwanga, ngala zili apazi sizikukwanira? Mpaka kukumba?"

"Amalume, theka la nkhani ya udzu lili pansi. Ndikatenga kumtunda kokha, a ku Zomba kosungira zomera zouma akandibweza."

Ndinakumba chitsamba chimodzi mosamala, n'kuchigwedeza kuti dothi ligwe. Tsinde lake linali lolimba, lokutidwa ndi makhwatha a masamba akale amene anasanduka ulusi, ndipo nditawakanula ndinapeza ubweya wofewa m'kati. Kunja konse kunali kwakuda ndi makala a moto wa chaka chatha, ndipo pansi pa makalawo panali ena akale. Ndiye kuti udzuwu si womera ndi mvula ya chaka chino n'kufa. Chitsamba chimenechi chakhala pamenepo zaka, chikupsa n'kuphukanso, chifukwa maso ake ophukira amabisala m'kati mwa ulusi ndi ubweya uja mmene moto sufika. Amalume anachitembenuza m'manja nthawi yaitali. Anati ng'ombe zimaudya ukangophuka pa lupsa, koma ukakhwima sizifuna n'kuununkhiza komwe, ndipo amayi ena amaumweta kukamanga matsache. Pa denga anati ngwaufupi.

Potsika tinaima pa kasupe kumwa madzi. Pamenepo panali chomera china chooneka ngati udzu ndithu, koma amalume anangoti ndi dawe. Ndinawapatsa phesi lake kuti alizunguze pakati pa zala: lili ndi ngodya zitatu ndipo lilibe mfundo. Phesi la udzu limakhala lobulungira, la mfundo. Dawe ndi mlulu ali m'banja lina, la Cyperaceae, ngakhale amamera limodzi ndi udzu m'madambo.

Ndatsindira zonse m'nyuzipepala ndisanadye. Mapesi aatali ndawapinda kuti akwane papepala, ndaika makatoni pakati, ndamanga ndi malamba, ndipo pamwamba ndasanjikapo njerwa. Miyendo ikuwawa.

Lachitatu, 16 Epulo

Lero phiri silikuoneka n'komwe. Nkhungu ndi mvula yowaza kuyambira m'mawa, ndiye ndakokera tebulo pafupi ndi zenera, ndayala pepala loyera, ndipo tsiku lonse lathera pa kanthu kosakwana chikhadabo.

Ndinayamba ndi pamene tsamba limasiyana ndi phesi. Ukakokera tsamba la udzu kumbuyo pang'ono, pamphindi pakepo pamakhala kanthu kamene akatswiri amati ligule. Pa Themeda ndi kachikopa kopyapyala. Pa udzu wa pathanthwe uja ndi kamzere ka ubweya waufupi. Kusiyana kumeneku kumaoneka ngakhale udzu usanachite maluwa, n'chifukwa chake ndimakonda kuyambira pamenepo.

Kenako kangala kamodzi. Pa rula kanakwana mamilimita 10 kapena 11 osawerengera mchira, ndipo mchirawo unali pakati pa masentimita 3 ndi 4. Kunja kuli makoko awiri, lapansi lalifupi, lapamwamba lalitali, lililonse ndi mitsempha itatu. Pagalasi ndinaona kuti pa makokowo pali tsitsi lolimba, ndipo lililonse likumera pa kachiphuphu kakuda. Ndi maso okha timadontho timeneti sungationepo. Ndinalowetsa singano pakati pa makoko n'kukanula pang'onopang'ono. M'kati muli timaluwa tiwiri. Kapansi ndi kamphongo, kali ndi mungu wokha ndipo sikabala mbewu. Kapamwamba ndi kamene kamabereka. Khoko lake lili ndi ubweya, kunsonga lagawika pawiri, ndipo mchira uja ukutuluka pakati pa nsonga ziwirizo. Kutsinde kwa kaduwa kameneka kuli kamutu kolimba kokhala ndi ndevu zoyera ndi timano tiwiri. Ndinatsegula tingala tingapo tosakhwima kuti ndiwerenge timatumba ta mungu, ndipo paliponse ndinapeza tiwiri. Maudzu ambiri amakhala ndi titatu.

Buku limene limatsogolera ntchito ngati imeneyi kuno kwathu ndi Flora Zambesiaca, lofotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, ndipo udzu uli m'voliyumu 10. Masamba ofunikawo ndinawajambula pafoni. Njira yake ndi ya mafunso a mbali ziwiri: ngati chomera chili chotere pita uku, ngati ayi pita uko. Timaluwa tiwiri, kapansi kamphongo, mchira wopindika wotuluka pakati pa nsonga ziwiri, zonsezi zinandifikitsa pa kagulu kochepa. Pamenepo funso lalikulu ndi lakuti tingalato takhala bwanji panthambi. Tikakhala titatutitatu pamodzi kunsonga, nthawi zambiri ndi Tristachya. Tanga tili kamodzikamodzi kapena tiwiritiwiri, kalikonse pa kaphesi kake. Ndiye ndi Loudetia. Timano tiwiri ta kamutu kaja, timatumba tiwiri ta mungu, kukula kwa kangala ndi tsinde lokhalitsa laubweya zikuloza pa Loudetia simplex.

Mbiri ya dzinali ikusonyeza kuti maudzu awiriwa akhala akusokoneza anthu kuyambira kale. Mu 1841 katswiri wa ku Germany, Nees von Esenbeck, anaulemba udzuwu kuti Tristachya simplex. Mu 1934 C.E. Hubbard wa ku munda wa zomera wa Kew ku England anaupendanso n'kuusamutsira ku Loudetia. N'chifukwa chake m'mabuku mumalembedwa Loudetia simplex (Nees) C.E.Hubb. Wa m'mabulaketiyo ndi amene anayamba kuutchula, winayo ndi amene anausamutsa. Kusamukako sikunathere pomwepo. Mabuku akale amaika Loudetia m'fuko la Arundinelleae, koma atayamba kuyeza DNA anapeza kuti fukolo linasonkhanitsa maudzu osakhala pachibale chenicheni, ndipo lero Loudetia ndi Tristachya zili m'fuko lawo la Tristachyideae. Ena amadandaula kuti maina asayansi sakhazikika. Ine ndimaona kuti kusinthako n'koyenera, chifukwa dzinalo limanena za chibale, ndipo umboni watsopano wa chibale ukapezeka liyenera kutsatira.

Banja lonse la udzu, Poaceae, lili ndi mitundu pafupifupi 12,000 padziko lapansi, ndipo chakudya chathu chambiri chimachokera mmenemo. Loudetia ali m'nthambi yaikulu ya Panicoideae limodzi ndi chimanga, mapira, mchewere, nzimbe, nsenjere, Themeda ndi udzu wofolera wa amalume. Mawere ndi kapinga ali m'nthambi ina, mpunga ina, tirigu ina, nsungwi inanso. Ndinawauza amalume kuti udzu wa pathanthwe uja ndi wachibale wapafupi wa chimanga chawo kuposa mmene mawere alili, ndipo anapempha galasi kuti aone okha. Anakhala nalo mpaka tiyi wawo anazizira.

Masana mdzukulu wawo, mtsikana wa Sitandade 6, anabwera kudzasuzumira. Ndinasolola kaduwa kokhwima ndi mchira wake, ndinakagwira kutsinde, n'kumuuza kuti anyowetse chala ndi malovu akhudze mchirawo. Chigawo chapansi cha mchira n'chopotana, ndipo chikanyowa chimapotoloka. Mchira wonse unayamba kuzungulira pang'onopang'ono ngati muvi wa wotchi, mwanayo n'kudumpha kukaitana agogo ake aakazi kukhitchini. Kutchire zimenezi ndi zimene zimadzala mbewu. Kaduwa kakagwa pansi, mame a usiku amapotolola mchira, dzuwa la masana limaupotanso, ndipo nsonga ya mchirayo ikakodwa pa kamwala kapena pa chiputu, mphamvu yonse imakankhira kamutu kolimba kaja m'dothi. Ndevu zoyera zija zimaloza kumbuyo, ndiye kakalowa sikatulukanso. Pofika nthawi ya moto mbewu imakhala ili m'dothi kale. Ndi mchira womwewu umene umalowa m'masokosi ndi kukubaya ukamayenda m'tchire mu Meyi.

Lachinayi, 17 Epulo

Kwacha bwino. Ndinafuna kuona ngati udzu womwewu umapezekanso kumunsi, ndiye tinakwera njinga zamoto kupita ku Chongoni. Kumeneku ndi kumene kuli zojambula zakale za m'mapanga, malo 127 amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Tinalowa pa Chentcherere kuona zofiira zimene amati ndi za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa. Malowa ndi ofunika tsiku lakelake, ndipo ndidzabweranso. Lero maso anga anali pansi.

Ndinaupeza posachedwa, pa dothi losaya la m'mbali mwa miyala, pansi pa mitengo ya masuku yotalikirana. Kuno ndi wamtali, wofika pachifuwa, ngala yake ndi yaikulu, ndipo pa zitsamba zina makoko ndi osalala, opanda tsitsi lija la pa tiziphuphu takuda. Koma nditatsegula kangala ndinapeza zomwe zija: timaluwa tiwiri, timano tiwiri, timatumba tiwiri. Loudetia simplex amadziwika kuti amasinthasintha maonekedwe malinga ndi malo, ndipo wafalikira kuyambira kumadzulo kwa Africa mpaka ku South Africa ndi ku Madagascar. Kutalika ndi tsitsi si zodalirika. Chimene sichisintha ndi mamangidwe a kaduwa, komanso malo amene umasankha. Ukaona udzu umenewu wadzaza pamalo, dziwa kuti dothi lake ndi losaya kapena lopanda chonde. Mlimi wofuna kutsegula munda akhoza kudzipulumutsa ku ntchito ya chaka chathunthu pongouzindikira.

Pobwerera tinayenda pang'ono ndi mnyamata wina wophunzira pa koleji ya zankhalango ya pafupi pomwepo. Nyengo yodzala mitengo yangotha dzana, pa 15 Epulo, ndipo iye anali wokondwa ndi mbande zimene anadzala ndi anzake. Atamva kuti tinali pamwamba pa Dedza anati, "Aphunzitsi, malo aja angokhala opanda kanthu, akufunika mitengo." Ananena ndi mtima wabwino, ndipo ambiri amaganiza choncho. Ine sindinavomere.

Malo amene panali nkhalango n'kudulidwa, pamene pali zitsa ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi, pamenepo tidzale mitengo, ndipo tichite changu. Timagulu ta nkhalango yachilengedwe totsala m'zigwa za pafupi ndi nsonga titetezedwe ku nkhwangwa ndi ku moto. Koma udzu wa pathanthwe uja si chizindikiro chakuti panaonongeka kanthu. Ndinamuonetsa tsinde limene ndinakumba lero, ndi makala ake osanjikizana. Tsinde lotere likusonyeza kuti udzuwu unazolowera moto. Mizu yake ndi imene yagwira kadothi kochepa kali pamwalapo, ndipo pakati pa zitsambazo pamamera maluwa a mitsitsi ndi a zikhawo amene safuna mthunzi. Ukadzalapo paini, masamba ake akayoyoka n'kuphimba pansi, zonsezo zimafa.

Palinso nkhani ya madzi. Paini wa m'mapiri mwathu muno, Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico, ndipo amamwa madzi chaka chonse, pamene udzu umauma m'chilimwe n'kusiya kumwa. Ku South Africa, pa Cathedral Peak m'mapiri a Drakensberg, anadzala paini yemweyu pamalo a udzu wachilengedwe n'kumayeza mitsinje kwa zaka zambiri, ndipo madzi anachepa kwambiri poyerekeza ndi zigwa zoyandikana zimene anazisiya ndi udzu. Paini ali ndi ntchito yake, matabwa timawafuna ndipo anthu ambiri pa Dedza amadyera momwemo. Chimene ndikukana ndi kuona malo aliwonse opanda mtengo ngati malo odwala. Mnyamatayo anamvetsera mwaulemu, anafunsa mafunso anzeru okhudza moto wa osaka mbewa umene umabwera chaka ndi chaka, ndipo pamenepo tinagwirizana: moto wa pafupipafupi, wa m'nyengo yotentha kwambiri, umadya m'mphepete mwa nkhalango ndipo umafooketsa ngakhale udzu womwewo. Anajambula tsinde lija pafoni yake tisanasiyane.

Lachisanu, 18 Epulo

Lachisanu Loyera, ndipo pakhomo pano onse apita ku Njira ya Mtanda. Ndisanawatsatire ndasintha nyuzipepala. Kuno kumazizira ndipo zomera zimachedwa kuuma, ndiye ukalekerera pepala lonyowa tsiku limodzi, chuku choyera chimagwira ngala zonse. Dzulo usiku ndinaika mtolo wonse pafupi ndi mbaula, motalikira ndithu, ndipo zathandiza.

Ndalembanso timapepala ta chomera chilichonse: malo, kutalika kwa malowo monga foni inasonyezera, tsiku, mtundu wa dothi, zomera zoyandikana nazo, msinkhu wa udzu, mtundu wa ngala usanaume, ndi zimene amalume ananena za ng'ombe ndi matsache. Chomera chouma chopanda kapepala kotere chilibe ntchito kwa wofufuza. Pa malo aliwonse ndinatenga ziwiri. Chimodzi chipita ku National Herbarium ku Zomba, kumene amasunga zomera zouma za dziko lino, kuti akachiyerekeze ndi zimene anatola ena ndi kutsimikizira dzinalo. Dzina lililonse lopezedwa ndi buku lokha limayenera kudutsa pamenepo.

Amalume avomera kukweranso mu Okutobala moto ukadutsa. Pa zitsamba zitatu tinaunjika timiyala pambali, ndipo akandijambulira mmene ziphukire mvula isanagwe. Mawa ndibwerera ku Lilongwe, ndipo ku Zomba ndipita Lachiwiri maofesi akatsegula ikatha Pasaka.